Kansalu Kofiira ka aMbewe

Mwezi uno chatha chaka chimwalirire aFilimoni Mbewe, malume ake a mkazi wanga, ndipo Loweruka lapitali tinakaika chiliza pamanda awo. Anandisankha ine kuti ndiwerenge mawu a pamwalapo, poti pamudzi pathu pano, kuno ku Zemba, wowerenga ndine. Musaganize kuti ndi ulemu waukulu. Sukulu ndinalekera giredi faifi, kungoti chilichonse chokhala ndi zilembo, kaya pepala lokulungira kapenta, kaya thumba la feteleza, sindichisiya ndisanafike kumapeto. Pamwala panali dzina, zaka, ndi vesi limodzi. Ndinamaliza anthu asanakhazikike n'komwe. Zimene sizinakwane pamwalapo ndizo ndalemba pano.

AMbewe anali mlimi wa thonje, wamtali, phewa limodzi lotsika chifukwa cha pampu yopopera imene anaibereka zaka zambiri. Anthu ankachokera mpaka ku Zingalume kudzafunsa kasakanizidwe ka mankhwala. Iwo ankati mbozi ukaipatsa mankhwala amtundu umodzi imawazolowera, koma ukaphatikiza awiri oyenerana umaitsekera njira zonse. Pomwepo ankawonjezera kuti poizoni alibe mbale, sadziwa kuti uyu ndi mwini munda. Ankayeza ndi chitsekerero cha botolo, osati ndi maso. Sankapopera dzuwa lili pamutu kapena mphepo ikubwera kumaso, ndipo akaweruka sankapereka moni wa pamanja kwa munthu asanasambe ndi sopo.

Chimene aliyense ankawadziwa nacho ndi kansalu kofiira. Akamaliza kupopera ankazika kamtengo pangodya ya munda n'kumangirira kansaluko. Chiyambi chake n'chakuti kalekale mayi wina anathyola bonongwe m'munda wawo wongopopera kumene, banja lonse n'kusanza masiku awiri, mwana wamng'ono n'kutsala pang'ono kupita. Kuyambira pamenepo kansalu kakaima, palibe ankalowa. Amayi ankaopseza nako ana, abusa ankakhotetsa mbuzi patali. Tinsalu timeneti ankang'amba pampango wofiira wa akazi awo, amene anamwalira kale, ndipo ankang'amba mosamala, kachingwe kochepa pachaka.

Munthu wosamala chonchi ndi poizoni wa m'botolo anali wosuta fodya woopsa. Ankapichira chingambwe m'mapepala a nyuzi, ndipo nyuzizo zinali zanga. Ankabwera pakhonde panga madzulo, n'kufunsa kuti pepala likuti chiyani lero. Ine, wokonda kumvedwa, ndinkafotokoza zonse ndi manja omwe. Ndikamaliza ankati popeza nkhaniyo yalowa m'mutu mwanga, pepala latha ntchito, n'kulipinda kuika m'thumba. Mkamwini sakaniza malume a mkazi wake kanthu. Pali nkhani ya sitima ina yomira imene mpaka lero sindidziwa ngati anthu ake anapulumuka, chifukwa tsamba lachiwiri linapita ndi utsi ndisanaliwerenge.

Ndinkaseka nazo zimenezi. Ndinasiya kuseka m'chipinda cha adokotala ku Lusaka.

Chifuwa chinawayamba nthawi yotola thonje. Tinati ndi fumbi. Chinapitirira mpaka chilimwe, thupi likutha, kenaka m'makhololo munayamba kuoneka magazi. Ku kiliniki anayeza TB kawiri osaipeza. Ku Chipata anajambula pachifuwa, n'kutitumiza ku chipatala cha khansa ku Lusaka, kumene mwana wawo Esitere amakhala. Ine ndinapita nawo monga wonyamula chikwama ndi wowerenga zikwangwani. Kumeneko anadula kanyama pa kachotupa kamene kanatuluka m'khosi, tinadikira, ndipo mu Januwale anatiitana.

Adokotala anali mayi wachitsikana, wolankhula Chinyanja cha m'tauni koma mosabisa mawu. Anati ndi khansa ya m'mapapo, ndipo yafalikira kale. Kuichotsa sikutheka. Chimene angathe ndi kuibweza m'mbuyo, kuti mpweya uzilowa bwino ndiponso kuti masiku achuluke. Atafunsa zaka zimene asuta fodya, aMbewe analoza ine, amvekere funsani mkamwiniyu, ndiye ankasunga mapepala. Adokotala anamwetulira. Ine sindinamwetulire, ndipo mpaka lero ndikaona mulu wa nyuzi ndimakumbukira chipinda chija.

Kenaka anafotokoza za mankhwalawo. Ndi amitundu iwiri, olowa ndi diripi tsiku limodzi, kenaka kupuma milungu itatu, n'kubwereza, mpaka kanayi. Amapha zinthu zomera msanga m'thupi, ndipo sasankha: pamodzi ndi khansayo amagwetsa tsitsi, amatupitsa zilonda m'kamwa, amaphanso asilikali a m'magazi amene amatiteteza ku matenda. Kuyambira tsiku lachisanu ndi chiwiri mpaka chakumapeto kwa mlungu wachiwiri, thupi limakhala ngati khola lopanda chitseko. Kachifuwa kamene wina amayenda nako kumunda kakhoza kumupha munthu wotere. Asakhale pagulu, asayandikane ndi otsokomola. Thupi likatentha, kachida koyezera kakafika pa 38, asamwe kanthu kobisa kutenthako, asadikire kuti kuche, athamangire kuchipatala. Anatipatsa kachidako ndi khadi lolembedwa zonsezi.

Esitere ankalira mwakachetechete. Ine ndinagwira khadilo ndi manja awiri n'kuyamba kuliwerenga. Koma aMbewe ankangogwedeza mutu ngati akumana ndi mlimi mnzawo. Anafunsa ngati mankhwalawo amayeza ndi chitsekerero kapena ndi maso. Adokotala anati amayeza kulemera kwa munthu, msinkhu wake, ndi magazi kuti aone mphamvu ya impso, ndipo asanabwereze amayezanso. AMbewe anakhutira.

"Ndamva," anatero. "Ndiye kuti mundawo ndine."

Esitere anachonderera kuti akhale kwa iye mpaka mankhwala onse atatha. Anakana. Thonje linali litayamba maluwa, ndipo ankati mumzinda munthu amatsokomoleredwa ndi anthu osawadziwa, bola kwawo kumene chifuwa chilichonse amachidziwa mwini wake. Choncho milungu itatu iliyonse ankakwera basi, kupita ndi kubwera, atavala kansalu kumphuno. Pampu inagwera ine. Ankandiyang'anira ali pamthunzi patali, n'kumadandaula kuti ndimayenda m'mizere ngati ndikuwerenga, kuima pa chitsamba chilichonse.

Ulendo woyamba anasanza masiku atatu. Chakudya ankati chikumveka ngati akutafuna khasu. Pambuyo pake tsitsi linayamba kutsalira pamtsamiro, nsonga za zala zinachita dzanzi moti mabatani a malaya ankawavuta. Zonsezi anapirira osadandaula. Koma m'mawa wa tsiku lachisanu ndi chiwiri tinadzuka n'kupeza kamtengo kataima pabwalo pawo, mapazi khumi kuchokera pakhomo, kansalu kofiira kakuuluzika.

Tsiku lomwelo kunabwera apongozi anga aNambewe, mlongo wawo wa aMbewe, mayi ake a mkazi wanga. Anabwera ndi amayi a kutchalitchi asanu ndi mmodzi kudzazonda matenda, monga timachitira: kulowa, kukhala pamphasa mothithikana, kugwirana chanza, kuimba ndi kupemphera. Mmodzi mwa iwo ankatsokomola kuyambira kunjira. AMbewe anatsegula zenera n'kuwathokoza, n'kuwapempha kuti aimbire pamene aimapo, asadutse kamtengo.

Sindinaonepo apongozi anga atakwiya chotero. Anati chibadwire sanamvepo wodwala wothamangitsa anthu. Anati matenda ndi a tonse, maliro ndi a tonse, ndipo munthu wokana anzake ali moyo asadabwe akadzasowa omukumbira manda. Anati iwo anabadwa m'mimba imodzi ndi munthu, osati ndi munda wa thonje. Ananditembenukiranso ine, amvekere zonsezi ndi mapepala a mkamwiniyu. Ndinayang'ana pansi, poti pansi sipayankha. Pochoka anaponya mawu amene anatilasa tonse.

"Chabwino, alongo. Mukafa tidzamva fungo."

Analumbira kuti phazi lawo silidzapondanso pabwalopo.

Mudzi wonse unamvera kansaluko, monga unkachitira zaka zonse. Anthu ankapereka moni ali kunjira. Tinapangana kuti mkazi wanga azisiya chakudya chovundikira pa kampando ka pakhonde, m'mawa ndi masana, ndipo ine ndizibwera dzuwa likapendeka kudzaima pazenera. AMbewe ankandipatsira kachida koyezera kaja, ine n'kuwerenga nambala, chifukwa maso awo sankaona tizilembo tating'ono. Masiku amenewo ndinkaopa chilichonse. Ndikayetsemula kumunda ndinkadziyesa wakupha. Nambala ija ndinkaiwerenga katatu. Mlungu wachiwiri utatha anazula kamtengo, anthu ena n'kubwera, koma aNambewe ayi.

Tsopano ndifike pa tsiku limene ndimaliona ndikatseka maso. Unali ulendo wachiwiri wa mankhwala, tsiku lakhumi, kamtengo kataimanso pabwalo, kumapeto kwa Febuluwale, mvula itagwa masiku atatu. Kumudzi woyandikana nafe kunagwa maliro ndipo tonse tinapita. Mkazi wanga anasiya phala pakampando m'mamawa. Ine ndinabwerako msanga, dzuwa litangodutsa pamutu, n'kudzera kwa aMbewe.

Mbale inali pomwepo, chivundikiro chili chitsekere, nkhuku zikuizungulira. Chitseko chotseka. Zenera lotseka.

Ndinaitana ndili pakamtengo. Zii. Ndinaitananso, mokweza. Ndinamva ngati kanthu kakukhwekhwereza m'katimo, kenaka zii.

Apa ndiyenera kunena zoona, ngakhale zindichititsa manyazi. Sindinalowe. Ndinali nditangochoka pamaliro, pamene ndinakhala pakati pa anthu otsokomola, ndinagwirana chanza ndi theka la mudzi. Mtima unati ukalowa uwatengera imfa m'manja mwakomo. Unatinso mwina angogona, ndipo iwe mkamwini ukalowa kuchipinda kwa malume ukanena kuti chiyani? Zaka zonsezi ndinali ndisanadutsepo pakhomo lawo lamkati. Ndiye ndinachita chimene ndimadziwa: ndinatulutsa khadi lija m'thumba n'kuyamba kuliwerenga, ngati kuti pepala lingandiuze zimene zili kuseri kwa chitseko. Pambuyo pake ndinamva kuti anthu atatu anadutsa m'mawawo, anaiona mbaleyo, anadabwa, koma anaona kansalu n'kupitirira.

Sindidziwa kuti ndinaima nthawi yaitali bwanji. Ndinangomva mapazi kumbuyo. Anali aNambewe, akuchokera kumaliro. Njira ya kwawo sidzera kumeneko. Mkazi wanga anandiuza pambuyo pake kuti chilumbirire chija mayi ake ankazungulira njira imeneyo tsiku lililonse, osaima, osapereka moni, kungoponya diso pambale kuti aone ngati yadyedwa.

Anayang'ana mbale, anayang'ana ine ndi khadi langa.

"Werengani, bambo," anatero. "Ife tilowe."

Anadutsa kamtengo ngati palibe, n'kukankha chitseko ndi phewa. Ndinawatsatira mpaka pakhomo. AMbewe anali pansi, pambali pa bedi, atadzikulunga, thupi lonse likugwedezeka, mano akugundana moti ndinkawamva ndili panja. Milomo inali youma. Ataona mlongo wawo anawaitana ndi dzina la paubwana, limene ine ndinali ndisanalimvepo, n'kuwafunsa ngati amayi abwerako kudambo. Amayi awo anamwalira ine ndisanabadwe.

ANambewe anawakweza pabedi okha, sindidziwa mphamvuzo anazitenga kuti. Kenaka anayamba kulamula. Anati ndi malungo awa, a nyengo ino. Ndikatenge mabulangete, ndikatenge panado kwa mkazi wanga, ndikathyole masamba a bulugamu awafukize. Thukuta likatuluka apeza bwino, ndipo mawa, msewu ukauma, tiona za kuchipatala. Ankanena zimene mayi aliyense wa kuno akananena, zimene zatipulumutsa kambirimbiri.

Ndinapempha kuti tiyambe tayeza. Anandipatsa kachidako monyinyirika atakachotsa m'khwapa. Ndinawerenga katatu, monga mwa chizolowezi changa. Kanali kapitirira 39.

Chikwatire sindinawatsutsepo apongozi anga, ngakhale pa nkhani ya mchere. Ndinagwada pakhomo pomwepo, mawu akutuluka ang'onoang'ono ngati a mwana.

"Amayi, pepani. Awa si malungo oti n'kudikira. M'thupimu mulibe wowatchinga. Pepalali likuti mawa kulibe."

Ndinkayembekeza kuti anditukwana pamodzi ndi mapepala anga. M'malo mwake anayang'ana mlongo wawo, amene tsopano ankalankhula ndi khoma, n'kumanga chitenje chawo mwamphamvu. Anati nanga ndagwadiranji, ng'ombe zidzimanga zokha pangolo?

Ulendo wa pangolo uja sindiufunira munthu. Matope ankafika m'maondo a ng'ombe. ANambewe anakhala m'ngolo atapakata mutu wa mlongo wawo, wopanda tsitsi ngati wa khanda, akuwatchinga dzuwa ndi chitenje. Ine ndinkayenda kutsogolo ndikukoka chingwe, ndipo mphindi iliyonse ndinkacheuka kuona ngati bulangete likukwera ndi kutsika. Pakamtsinje madzi anali atadzaza, ng'ombe zinakana. Pamenepo kunjenjemera kunasiya, aMbewe anangoti zii, ndipo ndinaganiza kuti basi, ndawapha ndi kuwerenga kwanga kwa pabwalo paja. Apongozi anaika khutu pachifuwa pawo n'kunena kuti alipo, kokani. Ndinalowa m'madzi mpaka m'chiuno, ng'ombe zinatsatira.

Ku kiliniki anamwino atangowerenga khadi lija nkhope inasintha. Anayeza malungo, sanawapeze. Anabaya jakisoni, anaika diripi, n'kuitanitsa galimoto ya ku chipatala cha ku boma ku Chadiza. Kumeneko anawagoneka m'kachipinda kaokha, mankhwala opha tizilombo akulowa m'mitsempha. Anatiuza kuti asilikali a m'magazi anali atatsala pang'ono kutheratu, ndipo tizilombo tinali titalowa m'magazimo. Za mawa lija sananene zambiri. Anangoti tinachita bwino kubwera lero. Anagona kumeneko masiku asanu ndi limodzi, ndipo masiku awiri oyamba palibe amene ankatiyang'ana m'maso.

Atatsitsimuka, chinthu choyamba kufunsa chinali ngati ndapopera mbali ya kumadzulo.

Ku Lusaka anachedwetsa ulendo wachitatu ndi mlungu umodzi, n'kuchepetsako muyezo wa mankhwala. AMbewe anagwirizana nazo. Anati mlimi akaona masamba akupsa sataya pampu, amachepetsa chitsekerero. Ine ndinkafuna kuti asiye. Ndinawauza Esitere pafoni kuti mankhwalawa atha kuwatenga khansa isanawatenge. AMbewe atamva anandiitana pazenera n'kundifunsa ngati ndaona kuti tsopano akufika kuchimbudzi osaima panjira kupuma. Ndinali nditaona. Anati ndiye mbozi nayonso ikumva kuwawa, tisaisiye.

Kansalu kanabwerera pabwalo, koma zinthu zinasintha. ANambewe anagubuduza mtondo wakale wong'ambika, n'kuuvundikira pansi pa zenera, kunja. Pamenepo ndiye panakhala pawo. Ankabwera m'mawa, masana ndi madzulo, atasamba m'manja ndi sopo mpaka m'zigongono, n'kukhala pamtondopo akusadzula nkhwani. Sanapepese, ndipo aMbewe sanapepese. Akafika ankagogoda zenera n'kufunsa kuti alongo, mulipo? Yankho linkachokera m'kati, tsiku lililonse lomwelomwelo:

"Sindinanunkhe."

Amayi aja amene anatsogolera gulu lodzazonda ndiwo anasanduka mlonda woopsa kuposa kansalu. Munthu akangokhosomola ali kunjira ankamubweza ndi dzanja. Amayi a kutchalitchi anayamba kuimbira pansi pa mtengo wa mango, patali, aMbewe akuvomera ndi mawu awo okhuthala kuseri kwa zenera. Nambala ija anaphunzira kuiwerenga okha apongozi, ndipo ankandiyesa dala kuti aone ngati ndinama.

Anamaliza maulendo onse anayi. Chithunzi chinaonetsa kuti chotupa chachepa. Mu Juni anakhala pampando m'mphepete mwa munda akutiona tikutola thonje, n'kumatola okha la pafupi ndi zala zawo zadzanzizo. Tsitsi linamera loyera, lofewa. Anapita kutchalitchi n'kukhala pakati penipeni pa benchi, anapita kumaliro a anthu awiri, anagwira chanza aliyense amene anakumana naye, ena kawiri. Fodya sanamukhudzenso. Ankabwerabe pakhonde panga kudzamva nkhani, ndipo ndikamaliza ankandibwezera pepala ndi manja awiri.

Chifuwa chinabwerera mu Okutobala. Adokotala anali atanena kuti chidzabwerera, ndipo tonse tinkadziwa, koma kudziwa sikuchotsa mantha. Anapita ku Lusaka kamodzi, n'kubwerako ndi mankhwala oletsa ululu okha. Anati munda uwu wapopedwa mokwanira. Anamwalira mu Novembala, masana, mvula yoyamba ikununkhira. M'nyumba munali modzaza anthu, mpaka ena pakhonde, otsokomola ndi osatsokomola omwe, ndipo mutu wawo unali pamiyendo ya mlongo wawo.

Nyumba ija ilipobe, yotseka. Pampu ili pakhoma la pakhonde, malamba ake auma. Kamtengo kaja anakasomeka okha kudenga atamaliza ulendo wachinayi, ndipo kansalu kake, kachingwe kotsiriza ka mpango uja, kasuluka mpaka kuyera. Mtondo uli pansi pa zenera, udzu wamera mozungulira, koma pamene pankaponda mapazi a apongozi sipanamerebe. Njira yodutsa pabwalopo inakhota miyezi ija anthu ankalambalala, ndipo mpaka lero ndi yokhota, ngakhale palibe chimene tikulambalala. Kampando kali pomwe kanali. ANambewe amadzerabe kumeneko pochokera kulikonse, ndipo akafika pokhota paja amachepetsa liwiro n'kuponya diso pakampandopo, pamene palibe mbale.